Sikelo Yonama ya ku Detroit

Ife amene tinakulira kumudzi timaidziwa nkhope ya mayi amene wasenza thumba la mtedza mpaka pamsika, naona sikelo ya wogula ikunama, koma nasowa kolowera. Nkhope imeneyi tinaikumbukira powerenga za mzinda wa Detroit, m'chigawo cha Michigan ku America.

Kumeneko mwini nyumba amakhoma msonkho molingana ndi mtengo umene akuluakulu a mzinda aikira nyumba yake. Malamulo aakulu a Michigan salola kuti mtengo wowerengerapo msonkho upitirire theka la ndalama zimene nyumbayo ingagulidwe nazo. Chuma chitasokonekera mu 2008, mitengo ya nyumba inagwa, koma m'mabuku a mzinda inatsala m'mwamba. Mu 2020 nyuzipepala ya Detroit News inaulula kuti pakati pa 2010 ndi 2016 eni nyumba analipiritsidwa madola osachepera 600 miliyoni mopyola muyeso.

Chimene chimatiwawa mtima nchakuti goli limeneli linalemera koposa pakhosi pa osauka, pakuti nyumba zawo zotsika mtengo ndizo zinakwezedwa kwambiri. Khomo lokadandaulirako linalipo ndithu, koma analipeza msanga ndi odziwa malamulo ndi zolembalemba. Nkhalamba yamasiye inkangopinda kalata ya msonkho nkuisunga, poganiza kuti boma silingalakwitse masamu. Ngongole ikafika zaka zitatu, boma la Wayne County linkalanda nyumba nkuigulitsa. Motero mabanja zikwizikwi, ambiri mwa iwo a anthu akuda, anatulutsidwa m'nyumba zimene anazivutikira moyo wawo wonse.

Mu 2017 mzindawo unamaliza kuyesanso nyumba zonse. Koma pamene olakwiridwa anapempha ndalama zawo, akuluakulu anayankha kuti malamulo sakuwalola kubweza. Apa mpamene tikukakamira ife. Kuwongola sikelo nkwabwino, komatu mayi amene anagulitsa kale mtedza wake wapindulanji? Makolo athu anati mlandu suola, ndipo kupepesa kopanda kubweza kumasiya bala likali lofiira.

Msonkho si woipa ayi: ndiwo umakonza misewu ndi kuyendetsa sukulu. Choipa ndi muyeso wokondera. Nafenso a m'mizinda makhonsolo amatilembera makalata a msonkho wa nyumba. Ikafika kalata yotere, tiyeni tiiwerenge mosamala, tifunse mmene mtengowo unapezekera, ndipo tikagogodenso kwa agogo oyandikana nafe, tiwawerengere yawo isanalowe pansi pa mphasa.