Tiyambe ndi kalasi imodzi



Ndili mwana ku madrasa ndinkawerengera pa koloboyi. M'mamawa ndikamatsuka m'mphuno pokonzekera swala, madzi ankatuluka akuda ndi mwaye. Palafini akatha, kuwerenganso kunkathera pomwepo.

Ndinazikumbukira zimenezi mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Magetsi ankazima maola ambiri, ndiye a Fomu 4 tinkawayatsira jenereta. Kenaka dizilo nayenso anayamba kusowa. Usiku wina ndinapeza ana asanu ataunjikana pa tochi ya foni imodzi, mayeso ali pafupi. Ndinachita manyazi.

Dizilo ndi palafini dziko lathu limagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa kale. Dzuwa silidikira thanki yochokera ku Beira. Ku Salima, sola ya mamegawati 60 ikupereka magetsi kuyambira 2021.

Ndikudziwa kuti mapanelo ndi odula, ndipo mabatire amatha pakapita zaka. Komabe akomiti, tawerengerani ndalama zimene jenereta imadya pachaka. Pempho langa n'lakuti tiike sola m'kalasi imodzi mayeso a MSCE asanafike.