Lilime Likadzalemera

Pakati pa Achewa munthu wamoyo sakamba za imfa yake, pakuti kutero amati n'kudziitanira tsoka. Komatu mwambo umenewu ukuupweteka mbadwo wa anthu amene adapulumuka pamene boma la Malawi lidayamba kupereka ma ARV mwaulere m'chaka cha 2004. Ambiri a iwo lero ali ndi imvi, ndipo pamwamba pa kachilombo ka HIV akulimbana ndi nthenda za ukalamba: kuthamanga kwa magazi, shuga, ndi sitiroko imene imamanga lilime usiku umodzi.

Mmodzi mwa iwo ndi mayi wina wogulitsa tomato ku Ndirande. Kwa zaka 20 wakhala akumwa mankhwala ake mwakachetechete. Chinsinsichi ankachidziwa mkulu wake yekha, amene adatsikira kulichete. Mayiyu atayamba kumva chizungulire, funso limodzi lidamusowetsa tulo: atati agwe osayankhula, adzauze dokotala ndani kuti mankhwalawa sadukiza? Kuchipatala amamvera wodwazika matenda, pomwe kumudzi mwini mbumba ndiye amagamula ngati wodwala akhalebe m'chipatala kapena apite kwa sing'anga. Onsewo sankadziwa kanthu.

Choncho adaitana mwana wake wamkazi pamodzi ndi mlongo wake, malume wa anawo. Adawaonetsa buku la kuchipatala ndi botolo limene linkabisala pansi pa zitenje.

"Achimwene," adatero, "ndikadzalephera kuyankhula, pakamwa panga ndi mwanayu. Mankhwala asadzaleke. Madokotala akadzati palibenso chochita, mudzanditengere kwathu ku Dedza, ndikapumire pakhonde la amayi."

Za nyumba adazilemba mu wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, komabe pepala losainidwa pamaso pa mboni ziwiri limaletsa adyera nkhani isadafike kukhoti.

Mlongoyo adakhala duu nthawi yaitali, kenaka adafunsa chifukwa chimene sadamuuzire kale. Mayiyo adangoweramitsa mutu, pokumbukira kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kumene mawu otere sadanenedwe, otsala amakangana pambali pa mphasa ya wodwala, aliyense akulota zimene mwini wake akadafuna, ndipo chidodo chimawatsata mpaka pambuyo pa maliro. Banja limene lidamva lokha kuchokera pakamwa pa mwini moyo limadwazika ndi mtima umodzi.