Pompi Yokana Kutseka

M'buku lililonse la biochemistry muli tsamba limene limaopsa ana a sukulu kuposa masamba ena onse. Pamwamba pake pali mzele wokhota, ndiye khungu la selo. Pansi pali mabokosi, tumalembo tofupikitsa monga cAMP, PKA na GTP, na mivi yoloza uku na uku monga tunjila twa mu Kanyama. Mutu wa tsambalo ni signal transduction, kutanthauza mmene uthenga wocokela kunja umafikila mkati mwa selo na kuipangitsa kucita cinthu. Aliyense wofuna udokotala, pharmacy kapena nchito ya mu labu afunika kudutsa pa tsamba limeneli. Ambili amaloweza miviyo usiku wa mayeso, mawa lake amailemba, pofika Cisanu yonse yauluka.

Ine nimaphunzitsa Biology pa sukulu ya sekondale kuno ku Lusaka. Silabasi ya Grade 12 imafika cabe pa geti. Timauza ana kuti homoni imapangidwa pena pake m'thupi, imayenda m'magazi, imafika pa ciwalo cimene yatumidwa. Basi. Zimene zimacitika ikafika, mayeso safunsa. Conco mwana amapasa bwino, amapita ku yunivesite, akakumana na tsamba lija amaganiza kuti mutu wake wafooka. Caka catha mtsikana wina wa ku Chawama amene n'namuphunzitsa ananitumila cithunzi ca tsambalo pa WhatsApp pakati pa usiku. Pansi analemba kuti, "Ba Ticha, apa ndiye pamene nizafeluka. Basale ikapita, amayi alibe ndalama yobwezela caka."

N'namuuza kuti abwele kunyumba pa Ciwelu, buku alisiye.

Tinayambila pa galu. Ukudutsa pa geti ya landilodi madzulo, galu wadula cheni. Usanaganize n'komwe, mtima wayamba kugunda, mpweya ukulowa wambili, miyendo yapeza mphamvu imene sunali nayo pokwela basi m'mawa. Tumatumba tuwili tokhala pamwamba pa impso twatulutsa adrenaline m'magazi. Shuga imene miyendo ifuna yasungidwa m'ciwindi, yomangidwa m'mitolo yochedwa glycogen. Vuto n'lakuti adrenaline siloweletsa phazi mu selo ya ciwindi. Khungu la selo ni la mafuta, ndipo adrenaline ni ya m'madzi, siingadutse. Nanga a mkati amadziwa bwanji kuti kunja kwaopsa?

Aliyense wokulila mu komboni yankho aidziwa kale. Wobweletsa uthenga wa malilo salowa mpaka ku cipinda cogona. Amagogoda pa geti. Wa pa geti amamva, amatembenuka, amatuma mwana, mwanayo amathamangila m'nyumba, ndipo posacedwa amayi atenga citenge, wina wazimitsa mbaula, wina wathamanga kukauza a neba. Mlendo uja akali panja, koma nyumba yonse yasintha.

Wa pa geti uja dzina lake ni receptor, puloteni yolasa khungu la selo, mutu kunja, miyendo mkati. Adrenaline ikakhala pa mutu, miyendo imasintha kaimidwe. Pafupi na miyendoyo pali puloteni ina yochedwa G protein, imene ikagona imakhala itagwila kanthu kochedwa GDP. Receptor ikaigwedeza, imataya GDP, imatenga GTP, yauka. Imapita kukadzutsa enzaimu yochedwa adenylyl cyclase, imene imatenga ATP na kupanga cAMP yambili. Iyi cAMP ndiye mwana wothamangila m'nyumba. Imadzutsa PKA, PKA imamata phosphate pa enzaimu ina, iyo imamata pa inanso, ndipo yothela imayamba kumasula mitolo ya glycogen. Shuga yatuluka, miyendo yathawa galu.

Mtsikana uja anafunsa funso limene niona kuti ni lanzelu kupambana mafunso ambili a m'mapepa akale: "Nanga n'cifukwa ciani anthu onsewa? Wa pa geti sangangopita yekha?" Cifukwa cake ni kuculukitsa. Receptor imodzi imadzutsa ma G protein angapo, enzaimu iliyonse imapanga cAMP yambili, PKA iliyonse imamata pa ambili. Pa sitepe iliyonse uthenga umakula, monga mmene munthu mmodzi wogogoda pa geti amadzazila tenti ya malilo pofika madzulo. Kadontho ka homoni kamagwedeza thupi lonse. Cinanso, uthenga umodzi umacita zosiyana kulingana na nyumba imene walowa. Mu ciwindi cAMP imamasula shuga, mu mtima imafulumizitsa kugunda, m'njila za mpweya imamasula minofu kuti zitseguke. Kapampu ka asima ka salbutamol kamene ana ena amayenda nako m'thumba la yunifomu kamagogoda pa geti yomweyi m'mapapo. Pali mahomoni ena, monga testosterone na oestrogen, amene ni a mafuta. Awo ni acibale, amalowa osagogoda. Koma iyo ni nkhani ya tsiku lina.

Nimakonda kukumbutsa ana kuti mivi imeneyi siinagwe kumwamba. Ca m'ma 1957, ku Cleveland m'dziko la America, Earl Sutherland na mnzake Theodore Rall anali kupela ciwindi ca galu na kupatula zidutswa za khungu la maselo ku madzi a mkati. Akaika homoni ku madzi a mkati okha, palibe cinali kucitika. Akaiika ku zidutswa za khungu, panali kupangika kanthu kosawonongeka olo ukawilitse, ndipo kanthuko kakaikidwa ku madzi a mkati, enzaimu yomasula shuga inali kuuka. Kanthuko ni cAMP. Sutherland analandila mphoto ya Nobel mu 1971. Alfred Gilman na Martin Rodbell analandila yawo mu 1994 cifukwa ca G protein. Lelo tidziwa kuti munthu ali na mitundu pafupi-fupi 800 ya ma receptor a banja limeneli, kuphatikizapo amene timanunkhizila nawo na amene timaonela nawo kuwala, ndipo pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala a m'cipatala amagwila nchito pa mageti amenewa.

Koma mbali imene oloweza amaidumpha, ndipo kwa ine ndiye mtima wa tsamba lonse, ni iyi: uthenga umatha bwanji? Galu wabwelela, iwe wafika kunyumba, mtima ufunika kukhazikika. Pa muvi uliwonse wodzutsa pali wina wogoneka. Adrenaline imacoka pa receptor. Enzaimu yochedwa phosphodiesterase imaphwanya cAMP. Ma phosphatase amamatula ma phosphate aja. Ndipo G protein ili na wochi yake-yake: pakapita masekondi ocepa imadula GTP imene yagwila, kuisandutsa GDP, n'kugonanso yokha. Ili monga pompi ija yodinikiza, imene ukacotsa dzanja imadzitseka. M'mabuku mivi yozimitsa imalembedwa ing'ono-ing'ono, nthawi zina pa kona. Ine nikanakhala wolemba mabuku, nikanailemba na inki yofiila.

Cifukwa ise a mu Lusaka tinaona na maso athu zimene zimacitika pompiyo ikakana kutseka.

Mu October 2023 kolela inabuka, ndipo mvula itafika inafalikila m'makomboni. Masukulu anayenela kutsegula pa 8 January 2024. Tsiku linasinthidwa kukhala 29 January, kenako 12 February. Bwalo la mpila la National Heroes linasanduka cipatala, monga mmene zinalili mu 2018. Pofika pakati pa 2024, anthu oposa 20,000 anali atadwala m'dziko lonse, oposa 700 anamwalila. Titatsegula sukulu, pa khomo lililonse panali cidebe ca madzi a klorini, ndipo m'kalasi langa munali ana awili amene anabwela atameta mpala. Sin'nawafunse. Tonse tidziwa tanthauzo la mpala pa mwana amene wacokela ku holide yotelo.

Kacilombo ka kolela, Vibrio cholerae, sikalowa m'magazi, sikaboola matumbo. Kamangokhala m'matumbo aang'ono n'kutulutsa poizoni. Amene anaonetsa kuti poizoniyo iliko ni dokotala wa ku Kolkata ku India, Sambhu Nath De, mu 1959: anasefa madzi okulila tuzilomboto mpaka osatsala kacilombo olo kamodzi, anawathila m'cidutswa ca matumbo a kalulu comangidwa uku na uku, cidutswaco cinatupa na madzi. Poizoniyo ili na mbali zisanu zogwilila pa khungu la selo ya m'matumbo, na mbali imodzi yolowa mkati. Yolowayo imapita pa G protein imodzi-modzi ija ya nkhani ya galu, n'kumatapo kacidutswa kochedwa ADP-ribose, pamalo penipeni pamene G protein imadulila GTP. Wochi yaima. G protein yauka ndipo siingagonenso. Adenylyl cyclase ikungopanga cAMP usana na usiku, PKA ikungomata, ndipo cimodzi mwa zimene imamata ni kakhomo kochedwa CFTR, kotulutsila chloride, imene ni theka la mcele. Chloride ikatulukila m'matumbo, sodium imatsatila, ndipo kumene mcele wapita madzi amalondola. Munthu wamkulu wodwala kwambili angataye lita imodzi pa ola. Palibe amene wagogoda pa geti, palibe galu, palibe uthenga weni-weni. Ni mwana wotumidwa cabe amene wakanika kuleka kufuula.

N'tafika apa mtsikana uja anakhala cete. Kenako anakamba kuti mng'ono wake anagona masiku anayi ku Heroes. "Ndiye cifukwa cake zinali zoyela monga madzi otsukila mpunga, zopanda magazi? Ife tinali kuganiza kuti matumbo aola." Matumbo sanaole. Ukawaona pa maikulosikopu amaoneka pafupi-fupi abwino-bwino. Anatenga pepa n'kujambula njila yonse kucokela pa geti mpaka pa CFTR osayang'ana kulikonse, ndipo pa G protein anajambulapo kapompi.

Siningakambe kuti kudziwa cAMP kumateteza munthu. Kolela imabwela cifukwa ca zimbudzi zokumba zimene zimasefukila mvula ikagwa, zitsime zosazama zokumbidwa pafupi na zimbudzizo, na mizele ya zigubu pa kiyosiki ya madzi. Agogo amene amawilitsa madzi akumwa amateteza banja kupambana ine na digili yanga. Koma pali cinthu cimodzi cimene tsamba lija limafotokoza, cimene anthu ambili mu komboni amacikayikila, ndipo kukayikako kumapha. Anthu amati, munthu akutaya madzi conco, kumupatsa madzi a shuga na mcele ni kuwonjezela moto. Ena amaleka kumumwetsa kuti m'mimba muume.

Selo ya m'matumbo ili na makomo ambili, ndipo poizoni ya kolela siifika pa onse. Pali khomo lina, lochedwa SGLT1, limene limalowetsa sodium pokhapo ngati yabwela pamodzi na glucose, monga kondakita amene salola basi kunyamuka mpando uli na munthu mmodzi. Khomo limeneli limapitiliza kugwila nchito olo cAMP icite misala. Ukapatsa wodwala mcele wokha, wambili umangodutsa. Ukauphatikiza na shuga pa mlingo woyenela, ziwilizi zimalowa, madzi n'kuzilondola kubwelela m'thupi. Robert Crane anafotokoza kayendedwe aka ka sodium na glucose mu 1960. Mu 1971, caka cimene Sutherland anali kulandila mphoto ku Stockholm, dokotala wina wa ku India, Dilip Mahalanabis, anali mu kampu ya othawa nkhondo ya Bangladesh ku Bangaon, madilipu atatha. Anasungunula shuga na mcele m'madilamu, n'kuuza acibale a odwala kuti azimwetsa anthu awo na makapu. Imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupi-fupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4.

Ndiye ORS imeneyo, imene makolo athu amaicha madzi a moyo. Ngati paketi palibe, ni lita imodzi ya madzi owilitsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu, na hafu ya supuni yaing'ono ya mcele. Mlingo ni wofunika: shuga ikacuka imakoka madzi kubwelela m'matumbo, ndiye cifukwa cake zakumwa za m'botolo sizigwila nchito imeneyi. Wodwala azimwa ali pa njila yopita ku kiliniki, cifukwa amene maso alowa kale mkati, kapena akusanza ciliconse, afunika dilipu.

ORS siitseka pompi ija. G protein yomatidwa imapitiliza kufuula, ndipo wodwala amapitiliza kutsegula m'mimba olo akumwa, cinthu cimene cimafooketsa osamalila ambili n'kuleka. Koma maselo a khungu la matumbo sakhalitsa. Amakhala masiku atatu mpaka asanu, amayoyoka, ndipo atsopano ocokela pansi amalowa m'malo, ali na G protein imene wochi yake ikuyenda. Nchito ya kapu ija ni kubweza madzi pa liwilo limene akutulukila, ola na ola, mpaka maselo atsopanowo afike.