Mabuku Atatu, Nyumba Zitatu

Alipo makolo amene amati kuŵerenga nkhani zopeka ndi kutaya nthaŵi, ndipo akaona mwana ali duu ndi buku lotere amamtuma msanga kukatunga madzi. Ife sitiganiza chomwecho. M'miyezi yapitayi taŵerenga mabuku atatu, limodzi la achinyamata ndi aŵiri akale otchuka. Ngakhale analembedwa m'maiko osiyana ndi pa nthaŵi zotalikirana, onse anatisonyeza chinthu chimodzi, ndicho tsoka limene limagwa m'nyumba pamene kholo ndi mwana aleka kuuzana za kukhosi.

Loyamba ndilo The Hunger Games, lolembedwa ndi Suzanne Collins wa ku America m'chaka cha 2008. Likamba za dziko lankhanza kumene chaka ndi chaka ana 24 amatengedwa kuti akaphane anthu akuonerera. Mtsikana wa zaka 16, Katniss, adzipereka kupita m'malo mwa mng'ono wake Prim. Achinyamata amalikonda chifukwa cha kulimba mtima kwa mtsikanayo, koma ife chimene chinatigwira mtima chili koyambirira kwa nkhani. Atate ake atafa pa ngozi ya mu mgodi wa malasha, amayi ake anangokhala chete ndi chisoni, osalankhula, osaphika, kufikira mwana wa zaka 11 anasenza yekha udindo wodyetsa banja. Amayi aja anatsitsimuka pambuyo pake, koma mwanayo sanathe kuwakhulupiriranso monga kale. Tinadzifunsa kuti, kodi ndi ana angati pakati pathu amene anakhala makolo asanakule, ndipo palibe anawafunsapo kuti mtolowo ukulemera bwanji?

Lachiŵiri ndilo Great Expectations, la Charles Dickens wa ku England, limene linatuluka m'chaka cha 1861. Pip ndi mwana wamasiye woleredwa ndi mlongo wake pamodzi ndi mlamu wake Joe Gargery, wosula zitsulo, munthu wosaphunzira koma wa mtima wabwino. Pip atalandira chuma kuchokera kwa munthu wosadziŵika anapita ku London kukakhala ngati bwana. Tsiku limene Joe anadza kudzamuona, Pip anachita naye manyazi chifukwa cha zovala ndi kalankhulidwe kake kachimidzi. Komatu chuma chitatha, ngongole zitachuluka, matenda atamgwetsa, amene anadza kudzamdwazika ndi kumlipirira ngongolezo anali Joe yemweyo. Akuluakulu anati, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Inu anyamata ndi asungwana amene muli ku sukulu zogonera komweko, mumawalandira bwanji atate anu akafika pa chipata ndi njinga yakutha ndi kathumba ka mtedza?

Lachitatu, limene linatisautsa koposa, ndilo Things Fall Apart, la Chinua Achebe wa ku Nigeria, la m'chaka cha 1958. Okonkwo anali munthu wamphamvu ndi wolemekezeka ku Umuofia, koma moyo wake wonse ankalamulidwa ndi mantha akuti angafanane ndi atate ake Unoka, amene anafa ali ndi ngongole zambiri. Chifukwa cha manthawo anabisa chikondi chake ngati chinthu chochititsa manyazi. Mnyamata Ikemefuna anakhala m'nyumba mwake zaka zitatu namutcha atate, koma mudzi utagamula kuti mnyamatayo aphedwe, Okonkwo anamtema ndi dzanja lake kuopa kuti anthu angamuyese wofooka. Kuyambira pomwepo mtima wa mwana wake Nwoye unachoka pakhomo, ndipo amishoni atafika iye anawatsata osabwereranso. Ife Akristu tingafulumire kukondwera kuti Nwoye analoŵa mu mpingo, koma Achebe satilola kuiŵala kuti mwanayo anatuluka m'nyumba imene atate sanamuuzepo mawu ofatsa. Timaphunzitsa ana athu kuti mwamuna salira. Okonkwo sanalire pamaso pa anthu, ndipo anatsiriza ndi kudzimangirira pa mtengo.

Onani tsono, aŵerengi okondedwa: nyumba yoyamba inang'aluka ndi chisoni chosanenedwa, yachiŵiri ndi manyazi, yachitatu ndi mantha. Mwa anthu onseŵa panalibe wodana ndi mnzake. Chikondi chinalipo ndithu, koma chinasoŵa pakamwa potulukira.

Apa ndipo taona phindu la nkhani zopeka. Mwana sangauze atate ake maso ndi maso kuti, "Ndimakuopani." Koma angathe kunena kuti Okonkwo anali wouma mtima, ndipo kholo lanzeru lidzamva chimene chili kuseri kwa mawuwo. Momwemonso mayi sanganene msanga kuti mwana wake amamchitira manyazi, koma angathe kufunsa kuti Joe anamva bwanji pobwerera kwawo kuchokera ku London. Buku limatibwereka maina a alendo kuti tikambirane za ife eni popanda kulasana.

Chifukwa chake tikupemphani makolo, musalande buku la mwana musanalitsegule. Liŵerengeni, kapena mpempheni akufotokozereni madzulo mutatha kudya, ndipo mumfunse munthu amene wamkonda m'nkhanimo ndi chifukwa chake. Yankho lake lidzakuuzani zambiri zimene lipoti la kusukulu silinena. Inunso ana, musanyoze mabuku akale poti masamba ake ndi ofiira. Bwerekani limodzi, mupirire nalo mitu isanu yoyamba. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo kukambirana nako kumafuna kuyamba mwana akali pakhomo.