Theka la mbale ya mgaiwa

Mu 1973 mayi wina wa ku America, Ursula K. Le Guin, analemba kankhani kakafupi koti munthu ungakamalize uli pamzere ku banki. Mutu wake ndi The Ones Who Walk Away from Omelas, kunena za anthu amene amauchokera mzinda wa Omelas. Chaka chotsatira kanapata mphoto ya Hugo, imene imapita kwa olemba nkhani zopeka za sayansi. Zaka zoposa 50 zadutsa, mwini wake anamwalira mu 2018, koma olemba anzake sanatope kukayankha. Ine ndawerenga mayankho awiri odziwika kwambiri, ndipo pali china chake chimene chikundidya mumtima.

Kwa amene simunakawerenge, nkhani yake ili motere. Omelas ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja, ndipo tikuupeza pa tsiku la chikondwerero. Mabelu akulira, anthu akuvina m'misewu, ana akukonzekera mpikisano wa mahatchi. Kulibe mfumu, kulibe asilikali, kulibe akapolo. Anthu ake ndi anzeru, si zitsiru zosekerera chilichonse ayi. Wofotokoza nkhaniyo amachita kukupemphani kuti muwonjezere nokha zimene mukufuna kuti mzindawo ukome, kenako amakufunsani ngati mwaukhulupirira. Ataona kuti mukukayikabe, m'pamene amakutsegulirani chitseko china.

Pansi pa nyumba ina yokongola pali kachipinda kopanda zenera, kosungiramo zokolopera ndi chidebe cha dzimbiri. M'menemo muli mwana. Maonekedwe ake ngati wa zaka 6, koma akuyandikira zaka 10. Amaziopa zokolopera zija. Chakudya chake patsiku ndi theka la mbale ya ufa wa chimanga wosakaniza ndi mafuta. Aliyense mu Omelas amadziwa kuti mwanayo alipo, chifukwa ana onse amauzidwa akafika zaka za pakati pa 8 ndi 12, ndipo ambiri amapita kukamuona ndi maso. Pangano lake ndi lakuti mtendere, thanzi, zokolola ndi nyimbo za mzinda wonse zatsamira pa kuzunzika kwa mwana ameneyu. Akangotulutsidwa, kapena wina akangomuuza mawu amodzi okha achifundo, zonse zitha nthawi yomweyo. Ambiri amalira, amakwiya, kenako amazolowera. Ochepa amatuluka pachipata cha mzinda, aliyense payekhapayekha, osabwereranso.

Azungu ali ndi mawu awiri a zinthu zimenezi. Yutopiya ndi dziko longoganizira limene zonse zikuyenda bwino. Mawuwa anawapanga Thomas More mu 1516 kuchokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi malo amene kulibe. Disitopiya ndi mnzake wotsutsana naye, dziko limene zonse zavunda. M'mafilimu disitopiya siivuta kuizindikira: kumwamba kwada, asilikali ovala zakuda, wolamulira wankhanza pa sikilini. Nkhani zazifupi zabwino sizichita phokoso lotere. Zimakupatsa mzinda umodzi wokha, woti ukaima pakhonde ndi yutopiya, ukatsika masitepe asanu ndi disitopiya.

Yankho loyamba ndi la N. K. Jemisin, mayi wachikuda wa ku America, m'buku lake la nkhani zazifupi la mu 2018, How Long 'til Black Future Month? Mutu wa nkhaniyo ukungoneneratu mkangano: The Ones Who Stay and Fight, otsala n'kumenya nkhondo. Mzinda wake ndi Um-Helat, ndipo ulibe mwana wotsekeredwa. Anthu a mitundu yonse, olumala ndi alunga, okhala ndi nyumba ndi osafuna nyumba, onse amasamalidwa. Koma anthu ena kumeneko apeza njira yomvera mwakabisira zochitika za m'dziko lathu lino, ndipo akutolako matenda athu, maganizo akuti anthu ena ndi ofunika kuposa anzawo. Ogwira ntchito zachisamaliro cha anthu amapeza bambo wina amene wakhala akufalitsa zimenezi, n'kumupha. Mwana wake wamkazi waona zonse. Iwo amamugwira dzanja mwanayo, ndi cholinga choti amulere mpaka adzakhale mmodzi wa iwo. Jemisin akuti dziko labwino silibwera pothawa, limafuna alonda. Ndikumumva. Koma taonani, mwana wolira wabweranso, wangolowera khomo lina.

Lachiwiri ndi la Isabel J. Kim, limene linatuluka m'magazini ya Clarkesworld mu February 2024 n'kudzapata mphoto ya Nebula. Mutu wake ndi funso lopanda ulemu: Why Don't We Just Kill the Kid in the Omelas Hole, bwanji osangomupha mwanayo basi? Ndipo anthu ena amachitadi zimenezo. Amathyola chitseko, amapha mwana, tsoka limagwera mzinda, akuluakulu amasankha mwana wina n'kumuikamo. Amaphedwanso, amaikamo wina. Dziko lonse likuonera pa intaneti, likulemba ndemanga, likutukwana Omelas, pamene m'mayiko mwawo ana ovutika ndi osawerengeka ndipo kuvutika kwawo sikugulira aliyense mtendere. Ndinaseka poyiwerenga, kuseka kwa pamaliro kuja, koti ukangomaliza umayang'ana uku ndi uku.

Nkhani zitatu, njira zitatu: choka, tsala umenye, ipha. Chimene chikundidya n'chakuti zonsezi zikulankhula ndi anthu a pakhonde. Funso lake ndi lakuti iwe wokhuta, iwe wovala bwino, uchita chiyani ndi chikumbumtima chako? Mwanayo ali ngati mwala wonolerapo mipeni ya anthu ena. Kwa Le Guin amalankhulako pang'ono, kulonjeza kuti akhala mwana wabwino akamutulutsa, ndipo palibe amamuyankha. Palibe amene amamufunsa chimene akufuna.

Ine nkhanizi ndimaziwerengera pansi pa masitepe, chifukwa ndinagonako m'chipinda cha zokolopera.

Bambo anga atamwalira ndinali ndi zaka 11. Achibale ena a m'tauni anabwera kumudzi n'kuuza mayi anga kuti anditenga ndikaphunzire sukulu yabwino. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, anatero, ndipo onse pabwalo anavomera. Mwambiwu uli ndi mchira wake umene tsiku limenelo palibe anautchula, wonena za kuchenjera manja kuti udye naye. Ndinakafikira m'sitolo ya kuseri kwa khitchini, pakati pa matumba a chimanga, mbaula, chidebe ndi mopu. Munalibe babu. Ndinkadzuka 4 koloko kukoleza moto, kutenthetsa madzi osamba a ana a m'nyumbamo, kukolopa, kuphika phala, ndipo ine ndinkanyamuka onse atapita. Kusukulu ankandidziwa ngati mtsikana wochedwa.

Musafulumire kuwada anthuwo. Sanandimenyepo. Fizi ankalipira, yunifolomu anandigulira, madzulo tinkapemphera limodzi pabalaza. Inali nyumba yachimwemwe zedi, ya kuseka ndi alendo osatha, ndipo alendowo ankayamikira ukhondo wake. Chingelezi chimene ndikuwerengera Le Guin lero ndinachitola m'mabuku amene ana a m'nyumba imeneyo ankataya. Ichi n'chifukwa chake ndimati Omelas si bodza. Le Guin analondola pokana kuwajambula anthu a mumzindamo ngati zilombo.

Ndipo anthu atatu aja ndinawaona ndi maso anga. Wochoka anali azakhali ena amene anabwera kudzacheza sabata imodzi. Usiku wina anatsegula sitolo kufuna mchere, anandipeza ndili pamphasa, anaima kanthawi osanena kanthu. M'mawa mwake anapakira katundu. Ndinadzamva nditakula kuti anauza anthu kuti sangapondenso pakhomo pochitira mwana wamasiye zotere, ndipo sanapondedi. Mtima wawo unayera. Mbale zimene ndinkatsuka zinachepa ndi imodzi, yawoyo.

Womenya nkhondo anali mwana woyamba wa m'nyumbamo, achimwene amene ankaphunzira kukoleji. Atabwera patchuthi anakangana ndi makolo awo chifukwa cha ine, mawu akuluakulu, ukapolo, ufulu wa ana, mpaka mayi awo analira. Ine ndili kukhitchini, ndikumva zonse, manja akunjenjemera. Mapeto ake anali akuti ngati zili choncho, mwanayo abwerere kwawo. Abale, kubwerera kumudzi kunali kusiya sukulu, ndipo ndinkadziwa atsikana a msinkhu wanga amene anali atayamba kale kufunsiridwa. Ndinagwada ndekha kupempha kuti nditsale. Achimwenewo anabwerera kukoleji akuganiza kuti ndine wamantha, mwina mpaka lero amatero. Anali ndi mtima wabwino. Kungoti pa mkangano wonse uja sanalowe kukhitchini kudzandifunsa kuti, iwe, ukufuna chiyani?

Akanandifunsa, yankho langa likanawakhumudwitsa ndi kuchepa kwake. Ndinkafuna babu m'sitolo muja kuti ndiziwerenga usiku. Ndinkafuna kunyamuka pa nthawi imodzi ndi anzanga. Basi.

Wachitatu sanali wakupha ngati wa kwa Kim. Anali mayi a nyumba yoyandikana, ogulitsa mandasi, amene tsiku lina anandiitana pampanda n'kundifunsa dzina langa lenileni, chifukwa pakhomopo ndinkangotchedwa mtsikana. Kuyambira pamenepo ankandipatsira mandasi awiri m'pepala, n'kumandifunsa za mayeso. Nditawerenga kuti ku Omelas ngakhale mawu amodzi achifundo ndi oletsedwa, ndinaika foni pansi. Le Guin ankadziwa chinthu. Mwana amene waitanidwa ndi dzina lake amayamba kuwerengera masiku.

Nkhani imene inandipeza kumene ndinali si ya ku America ayi. Ndi ya Hao Jingfang wa ku China, Folding Beijing, imene Ken Liu anaimasulira m'Chingelezi n'kutuluka m'magazini ya Uncanny mu 2015, ndipo inapata Hugo mu 2016. Mmenemo mzinda wa Beijing umapindika ngati mphasa. Nyumba zimalowa pansi, zina zimatuluka, ndipo anthu amagawana maola 48. Anthu 5 miliyoni a m'chigawo choyamba ali ndi maola 24 athunthu. Anthu 25 miliyoni a m'chigawo chachiwiri ali ndi maola 16. Anthu 50 miliyoni a m'chigawo chachitatu ali ndi maola 8 okha, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo nthawi yotsalayo amagonekedwa ndi mpweya wa mankhwala. Hao anaphunzira zachuma, ndipo zikuoneka. Anazindikira kuti chimene wosauka amalandidwa choyamba ndi nthawi. Ine amene ndinkadzuka 4 koloko kuti ena adzuke 6 sindinafune wondimasulira.

Mwini nkhani ndi Lao Dao, bambo wa zaka 48 wosankhula zinyalala m'chigawo chachitatu. Sakufuna kugwetsa boma. Akufuna ndalama zolipirira kamtsikana kamene anakatola, Tangtang, ku sukulu ya mkaka yophunzitsa kuimba ndi kuvina. Choncho amavomera ganyu yoletsedwa, yonyamula kalata yachikondi kuchoka kwa mnyamata wa m'chigawo chachiwiri kupita kwa mkazi wa m'chigawo choyamba. Ali kumeneko amamva akuluakulu akukambirana kuti makina otha kusankhula zinyalala alipo kale, koma sawagwiritsa ntchito poopa kuti anthu mamiliyoni asowa chochita. Apa ndiye pamene nkhaniyi imapweteka kuposa Omelas. Mwana wa ku Omelas ndi mzati wa mzinda, akachoka denga ligwa. Lao Dao amazindikira kuti iye sachirikiza chilichonse, akungosungidwa. Amabwerera kwawo ali ndi bala pamwendo ndi ndalama m'thumba, amayang'ana Tangtang atangodzuka kumene, n'kukonzeka kupita kuntchito.

Ena amati mathero amenewa ndi ofooka, palibe chimene chasintha. Ine ndimati amene amatero sanagwirepo risiti ya fizi m'manja ngati chikho cha mpira.

Kuno kwathu zolemba zotere zilipo, musaganize kuti ndi za kutali kokha. Shadreck Chikoti analemba buku la Azotus the Kingdom, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo nkhani zazifupi za m'buku la Imagine Africa 500, limene anakonza Billy Kahora wa ku Kenya, zili ndi olemba a ku Malawi monga Muthi Nhlema. Zonsezi ndi za m'Chingelezi. Mayi a mandasi aja sakanatha kuziwerenga.

Ndiye miyezi ingapo yapitayi ndayamba kulemba yanga m'Chichewa. Ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja, magetsi sazima, chimanga sichitha, ndipo wofotokoza ndi mwana wa m'chipinda chapansi. Masamba oyamba anayenda okha. Fungo la mopu wonyowa ndikulidziwa, phokoso la mapazi a anthu akuvina pamwamba pa mutu wako ndikulidziwa, mmene umagawira theka la mbale kuti lifike madzulo ndikudziwanso. Pamene ndaima ndi pa tsamba 7. Munthu wina watsegula chitseko, wagwada, wamufunsa mwanayo dzina lake ndi chimene akufuna. Ndalemba mayankho anayi n'kufufuta onse. Loyamba linamveka ngati achimwene a kukoleji aja, lachiwiri ngati m'busa, lachitatu ngati lipoti la bungwe. Lachinayi mwanayo anangopempha babu, ndipo mnzanga amene ndinamuwerengera anati n'zochepa kwambiri, owerenga sakhulupirira kuti mwana wozunzika chotere angapemphe zimenezo.

Ndikuganiza zolibwezeretsa.