Musanaike injini ina mu Altezza yanu

Altezza yomaliza inatuluka m'fakitale ya Toyota mu 2005. Ndiye kuti iliyonse imene mumaiona ikuchoka mu Great North Road kukhotera ku Chazanga mu Lusaka, ngakhale inyezimire chotani, yadutsa kale zaka 20. Thupi la galimotoyi ndi lopirira, koma injini zambiri zatopa: zikufuka utsi, zikumwa oilo, zikuwira pamdipiti wa magalimoto mu Okutobala. Mwini wake akapita nayo kwa makanika wa m'komboni, malangizo amene amamva kawirikawiri ndi amodzi: "Ba bosi, fakanimo 1JZ ya turbo, muzaona mweka."

Sindikutsutsa kuti 1JZ-GTE ndi injini yamphamvu. Inkabwera mu Mark II, Chaser ndi Cresta, ya malita 2.5, masilinda 6, mahatchi 280, umene unali malire amene opanga magalimoto a ku Japan anagwirizana kuti asamalengeze kupitirira. Poyerekeza ndi 1G-FE ya mu Altezza AS200, imene ili ndi mahatchi 160 okha, mtima wa mnyamata aliyense umalumpha. Koma pazaka zimene ndakhala ndikuona magalimoto oterewa akulowa ndi kutuluka m'magalaja a kuno, ndaphunzira kuti injini yokha siyendetsa galimoto.

Chimene chimapha magalimoto osinthidwa injini si mapisitoni ayi, ndi nthambo. Injini za m'zaka zimenezo zimalamulidwa ndi kompyuta bokosi, ndipo mu Altezza bokosilo limalankhulana ndi mamita a pa dashibodi, ndi giyabokosi ngati ndi ya otomatiki, ndi zina zambiri. Munthu amagula injini yokha, nthambo zake zitadulidwa ndi chikwanje kumene inachotsedwa, kenako wa zamagetsi amakhala sabata yonse akulumikiza mongoyerekeza, akukulunga ndi tepi. Galimoto imalira ndithu, onse n'kuwomba m'manja. Vuto ndi loti singano yosonyeza kutentha yasiya kugwira ntchito, fani sikuyaka yokha, ndipo mwini wake sadziwa kanthu mpaka tsiku limene nthunzi idzatuluke pansi pa boneti. Mvula ikayamba mu Novembala, madzi a m'misewu yathu ya m'kati amalowa m'malumikizidwe aja, galimoto n'kumazima pamene yafunira. Pamenepo anthu amati injini inali yoipa, chonsecho yalakwa ndi ntchito ya manja.

N'chifukwa chake ndimati wofuna kusintha mtundu wa injini agule half-cut, theka lakutsogolo la galimoto, mmene injini, giyabokosi, nthambo zonse, kompyuta bokosi ndi ladiyeta zili pamodzi monga zinachokera ku fakitale. N'zodula, inde. Koma ndalama imene munthu amaganiza kuti wapulumutsa pogula injini yamaliseche amakaisiya m'masitolo a masipeya m'tauni, lero sensa, mawa pampu, mkuja pulagi imene palibe amene ali nayo.

Pali nkhani inanso imene ogulitsa sakonda kuitchula. Amati injini ndi "ya ku Japan, yayenda pang'ono." Zoti ku Japan anthu amataya magalimoto msanga n'zoona, chifukwa kuyeza kwa boma kotchedwa shaken kumayamba galimoto ikakwanitsa zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kumadya ndalama. Koma injini za JZ zinasiya kupangidwa cha m'ma 2007. Imene yafika lero pa Nakonde kapena pa Chirundu ndi yakale pafupifupi ngati yanu yomwe yafayo, ndipo simukudziwa kuti yagona pamtetete zaka zingati. Mvereni ikulira musanalipire, yezani mphamvu ya silinda iliyonse, tsegulani chivundikiro cha oilo muone ngati mulibe phala lakuda. Lamba wa timing, pampu ya madzi ndi masilo sinthani injini ikadali pansi. Ndipo werengani zilembo zonse za dzina lake: 1JZ-FSE, ya D-4, imafanana dzina ndi zinzake koma imapopera petulo molunjika m'silinda ndi pampu yamphamvu kwambiri, ndipo amakanika ambiri a m'komboni akaiona amakanda mutu.

Turbo nayo ili ndi msonkho wake. Imafuna oilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, osati wa m'zigubu zopanda dzina, ndipo fumbi la ku Chazanga la mu Ogasiti silichitira chifundo fyuluta yotseguka imene anyamata amakonda chifukwa cha kulira kwake. Onjezani mahatchi oposa 100 pa mabuleki ndi dayifu zimene zinapangidwira 160, muone amene adzayambe kudandaula.

Za mapepala n'zachidule koma zimagwetsa ambiri. Nambala ya injini inalembedwa mu white book, buku la umwini wa galimoto, choncho ikasintha a RTSA, amene amalembetsa magalimoto, ayenera kudziwitsidwa. Sungani lisiti yokhala ndi nambala ya injini yatsopanoyo. Injini yotchipa yopanda pepala ikhoza kukhala ya galimoto yobedwa, ndipo mlandu udzapeza inu amene muli nayo.

Nanga tiikemo iti? Kwa munthu amene Altezza yake ndi yopitira ku ntchito ndi kukatenga ana kusukulu, 1G-FE ina yathanzi ndiyo yanzeru. Imakhala pamalo pake popanda kuwotcherera chitsulo, nthambo zimangolowa, ndipo popeza inali mu Mark II, Cresta, Chaser ndi Crown, masipeya ake savuta mu Lusaka. Amene mtima wake sungakhazikike popanda liwiro ayang'ane 2JZ-GE yopanda turbo, ya malita 3.0. Toyota yeniyeniyo inaiika m'thupi lomweli, mu Lexus IS300 ndi mu Altezza Gita AS300, ndiye kuti zogwirira injini ndi zina zofunika zilipo zopangidwa kale, sizochita kupeka. Imamwa petulo kuposa 1G, zimenezo vomerani musanayambe. Ya turbo ija isiyireni munthu amene ali ndi galimoto yachiwiri pakhomo.