Sutikesi ya agogo

Agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, anapuma ntchito yauphunzitsi mu 1994. Anzawo atalandira ndalama zopumira ntchito anagula malata, ena mpaka chigayo. Iwo anagula sutikesi yachitsulo ndi nsapato zolimba. Akuti anauza agogo aakazi kuti, "Zaka 30 ndakhala ndikujambula nyanja pabolodi ndi choko, koma sindinapondepo m'sitima."

Ulendo woyamba unali wa pa Ilala. Anakwerera ku Monkey Bay, kudutsa Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Chaka china anadzera ku Chipata ndi Lusaka n'kukagwira sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi, makilomita 1,860 mpaka ku Dar es Salaam, usiku uwiri ali pampando. Phiri la Mulanje analikweranso, koma mawondo anawakanira ali ku Chambe, ndipo za Sapitwa ankangoti, "Dzina lake lomwe linandichenjeza."

Kulikonse komwe apita ankabwerako ndi tinthu: matikiti a basi, masitampa, mangwee a ku Zambia, mashiling'i a ku Tanzania. Zimenezi zinakapeza ndalama zakale zomwe anayamba kusunga ali mnyamata. Munali mapeni obowoka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndalama za paundi zomwe zinatha ntchito kwacha itabwera mu 1971, ndi ma 20 tambala a njovu aja. Tikapita kumudzi pa holide ankatiyalira pamphasa n'kumatifunsa mafunso ngati tili m'kalasi. Wolakwa yankho sankagwira peni yobowoka.

Si onse ankasangalala nazo. Kumudzi ankati aphunzitsi ndalama anadyera m'njira, ndipo sikuti ankanama. Nyumba inadontha zaka zingapo. Kangapo konse mvula yoyamba inagwa iwo ali kutali, agogo aakazi n'kubzala okha munda wonse. Malume aang'ono anakhalapo teremu yathunthu pakhomo fizi itasowa, ndipo mpaka lero nkhani imeneyi akamaikamba saseka. Ine ndinadya zokoma zokhazokha za maulendowo, nthano ndi masiwiti. Mtengo wake analipira ndi ena.

Anatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira. Pogawa katundu njinga inapita kwa malume aakulu, wailesi kwa wina, majekete anathera kwa adzukulu. Sutikesi itatsegulidwa anthu anaunjikana, poti inkalemera. Atangoona kuti ndi ndalama zosagula ngakhale mchere, kunali kuseka. Wina anati zitsulozo akagulitse kwa ogula zitsulo zakutha, mapepalawo akolezere moto. Agogo aakazi, omwe anali chete tsiku lonse, anangoti, "Mupatseni wasukuluyu, ndiye amakonda zowerenga."

Ndinkaganiza kuti ndikuidziwa sutikesiyo. Koma usiku umenewo, nditatembenuza tikiti imodzi, ndinapeza zolembedwa ndi pensulo kuseri kwake. Ndinatembenuza ina, chimodzimodzi. Tikiti iliyonse inali ndi deti ndi chiganizo chimodzi, ndipo zonse zinkanena za anthu. "Mayi wogulitsa usipa anandisungira malo." "Mnyamata wa ku Mbeya anandigawira chipati, sitinamvane chilankhulo." "Kondakitala anandikhululukira 50 tambala." Za mapiri ndi nyanja sanalembe, mwina poti zimenezo zili kale m'mabuku. Ankalemba amene anawachitira chifundo panjira, anthu oti sadzawaonanso.

Ife tikayenda timajambula nkhope zathu, kumbuyo kuli nyanja. Mufoni mwangamu muli zithunzi zambirimbiri, koma mutandifunsa amene ndinakhala naye mpando umodzi popita ku Mzuzu mwezi wathawu, ndilibe yankho.

M'mawa mwake, ndisananyamuke, agogo aakazi anandiitanira kukhitchini. Anafuna tikiti imodzi yokha, ya basi yopita ku Salima, ulendo wokhawo womwe anapitira limodzi. Anaizindikira ndi banga la tiyi pakona. Kuwerenga sadziwa, ndiye anati ndiwawerengere zakuseri.

"Lero mayi a ana aona nyanja. Akuti ndinkaichepetsa pofotokoza."

Anandiuza kuti ndibwerezenso. Kenaka anaipinda, n'kuimangirira pamfundo ya chitenje pomwe amasungira ndalama.

"Komabe nyumba inkadontha," anatero. "Ukamalemba, usaiwale zimenezo."